Mzuzu: madzi saiwala khwawa

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi tikambepo za Mzuzu. Nkhani za mzinda uno zimamveka kwambiri m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, nyumba zikagwa ku Masasa kapena madzi akalowa m'makomo ku Chibavi ndi ku Ching'ambo. Mvula ikangokata nkhani nayo imazilala, mpaka chaka chinacho. Wowerenga wa ku Ndirande kapena ku Kawale amaona chithunzi cha mayi atakhala pa mulu wa njerwa, mapoto ndi mphasa zili pambali, n'kupukusa mutu kuti koma mvula ya kumpoto ilibe chisoni. Ife tikuti mlandu si wa mvula. Mvulayo idalipo mzinda usanabadwe. Zimene zasintha ndi malo amene anthu akumangapo, mamangidwe ake, ndi njira za madzi zimene tatseka ndi manja athu.

Mzinda uno uli pamwamba pa mapiri a Viphya, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Nyanja yathu ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, ndipo kuchoka pa depoti ya Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50. Ndiye kuti pa kamtunda kameneka nthaka imatsika mamita oposa 700. Mphepo ikadutsa pamwamba pa nyanja imatenga chinyezi, ikagunda mapiri a Kaning'ina imakwera, ikakwera imazizira, ndipo ikazizira imakhuthula madziwo pa ife. N'chifukwa chake pachaka timalandira mvula yoposa mamilimita 1,200, ndipo mu Epulo, anzathu a ku Kasungu ali kalikiliki kukolola, kuno kumakhala kudakali mvumbi wa masiku atatu kapena anayi osalekeza. Juni ndi Julayi amabwera ndi chifunga ndi mawawa. Mvumbi wa mu Epulo ndiye woopsa kuposa mabingu a mu Disembala, chifukwa umagwera pa nthaka imene yakhuta kale madzi kwa miyezi inayi ndipo ilibenso pomwera.

Malo ake si achidikha ngati Lilongwe. Ndi zitunda zazitali zotsatizana, pakati pake pali madambo ndi timakwawa. Ambiri mwa madzi amenewa amakathira mu Lunyangwa, mtsinje umene umachokera ku Kaning'ina, kufupi ndi nyanja, koma n'kuifulatira nyanjayo: umalowera kuzambwe kukathira mu Kasitu, Kasitu n'kukakumana ndi South Rukuru cha ku Njakwa, ndipo madziwo amakafika kunyanja atazungulira m'boma la Rumphi. Pa zitunda pali katondo wofiira wakuya, wolimba ngati njerwa akauma, koma akanyowa mpaka m'kati amaterera ndi kusweka m'zibuma. M'madambo madzi a pansi amakhala pafupi. M'dzinja khasu limawapeza dzenje lisanafike m'chiuno.

Mzuzu ndi mwana wamng'ono pakati pa malo akuluakulu a kumpoto. Mishoni ya Bandawe idatsegulidwa mu 1881, ya Ekwendeni mu 1889, ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, ndipo dziko la Angoni a M'mbelwa lidalowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1904, boma lake lili ku Mzimba. Nthawi yonseyo pamene pali mzinda lero panali nkhalango, madambo ndi midzi yapatalipatali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi pamene padatsegulidwa esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake amayengera mafuta opangira penti ndi vanishi, ndipo ntchitoyo idali m'manja mwa Colonial Development Corporation, bungwe la boma la Angerezi. Tung sadapindule monga eni ake ankayembekezera, koma nyumba za antchito, misewu ndi bwalo la ndege zidatsala. M'zaka za m'ma 1950 likulu la chigawo cha kumpoto lidasamukira kuno. Mu 1980 malowa adakwezedwa kukhala tauni yodzilamulira yokha, ndipo mu 1985 adatchedwa mzinda.

Tsono taonani mawerengero. Kalembera wa 1977 adapeza anthu pafupifupi 16,000. Wa 1998 adapeza pafupifupi 87,000. Wa 2018 adapeza 221,272. M'zaka 41 anthu adachuluka koposa kakhumi n'katatu, pamene zitunda sizidawonjezekere ngakhale chimodzi. Malo ouma ndi osalala a ku Chimaliro, Katoto, Mapale ndi Kaning'ina adatengedwa kale ndi maofesi ndi nyumba za boma. Wobwera m'mbuyo, wochokera ku Chitipa, ku Usisya, ku Euthini kapena ku Dedza, adapeza chotsala: matsitso a Masasa, mbali zina za Chiputula ndi Mchengautuwa, ndi madambo a ku Salisbury Lines ndi Chibavi. Sadapiteko chifukwa cha umbuli. Kumeneko ndiye kudali puloti yoti n'kuikwanitsa, pafupi ndi msika ndi maganyu. Mu Epulo 2016 mvumbi udaonetsa poyera zotsatira zake, pamene nyumba zambirimbiri zidagwa, anthu adafa, ndipo mabanja adagona m'masukulu ndi m'matchalitchi.

Wina angafunse kuti nanga wa ku Nsanje zikumukhudza bwanji. Mzuzu si wa anthu okhalamo okha. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan n'kutsegulidwa mu 2000, chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse asanu ndi limodzi a kumpoto: Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Likoma. Ambulansi yochokera ku Chitipa imayenda makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga ndi pa zikhotakhota za Chiweta; wodwala wa ku Likoma amayamba wawoloka nyanja. Kuno kuli bwalo lalikulu la milandu, asilikali a ku Moyale, likulu la Sinodi ya Livingstonia, tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Mzuzu, ndi yunivesite ya Mzuni ku Luwinga, imene idalandira ophunzira oyamba mu 1999 ndipo lero muli ana ochokera m'maboma onse a dziko lino. Njanji siidafikeko, choncho mafuta a galimoto ndi katundu wochokera ku Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Songwe amadutsa pakati pa mzinda uno pa msewu wa M1 popita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 350. Kalavati imodzi, paipi yodutsa madzi pansi pa msewu, ikakokoloka kuno, mzere wa pa malo omwetsera mafuta umatalika ku Area 18. Ngakhale chifunga chathu chidaliritsa dziko lonse: pa 10 Juni 2024 ndege imene idanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, idalephera kutera pa bwalo la Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo pobwerera idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse asanu ndi anayi n'kufera pomwepo.

Tibwere ku nyumba ya pa chitsitso, pakuti pamenepa ndi pamene pamafera anthu. Mamangidwe ofala ndi awa. Munthu amakumba m'mbali mwa chitunda, dothi lokumbidwalo n'kulitayira kumunsi kuti papezeke malo osalala. Nyumba imakhala theka pa nthaka yolimba, theka pa dothi lothira. Kumbuyo kumatsala chiphompho choimirira chilili, chotalika mamita awiri kapena atatu, ndipo pofuna kusunga malo khoma limamangidwa pafupi nacho moti mwana amadutsapo cham'mbali. Chaka choyamba zonse zili bwino. Chaka chachiwiri dothi lothira lija limatitimira, ndipo mng'alu umayambira pa ngodya ya windo n'kutsika mopendama. Mvumbi ukafika, madzi a kwa neba wa kumtunda amatsikira pa chiphompho, n'kuima m'kampata kaja. Ngati njerwa zidamangidwa ndi matope, matopewo amasungunuka kuyambira m'mizere ya pansi. Kenako chibuma cha dothi lonyowa chimagumuka n'kukankha khoma, ndipo khomalo limagwera m'kati, usiku, pa mphasa pamene pagona ana.

Zonsezi n'zopeweka, ndipo zina sizilira ndalama koma khasu ndi thukuta. Maziko akumbidwe mpaka apyole dothi lothira n'kukhudza nthaka yeniyeni yosakumbidwapo. Pa chitsitso akhale ngati masitepe, osati otsetsereka motsata phiri. Dothi lothira lisindiridwe pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, lili lonyowa pang'ono, osati kungoliunjika ndi kulisalaza pamwamba. Chiphompho cha kumbuyo chisasiyidwe chilili: pa mita iliyonse ya kutalika kwake chigonekedwe chammbuyo mita imodzi kapena kuposa, ndipo pakati pa phazi lake ndi khoma pakhale mpata wosachepera mita imodzi ndi theka. Pamwamba pa chiphomphocho, mita imodzi kuchokera m'mphepete, pakumbidwe ngalande ya masentimita 40 m'lifupi ndi kuya komwe, yopendekera pang'ono kumbali, kuti madzi a kumtunda alambalale nyumba. Udzu wa vetiva ubzalidwe m'mizere yopingasa phiri, mapando otalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mizu yake imalowa pansi molunjika n'kugwira dothi ngati ukonde. Nthochi zisabzalidwe m'mphepete mwa chiphompho, chifukwa mizu yake ndi yosaya, thunthu lake ndi lolemera, ndipo pa tsinde pake pamasunga madzi. Amene wakwanitsa kumanga khoma lotchinga dothi asaiwale mabowo otulutsira madzi, kapaipi kamodzi pa mita iliyonse m'munsi mwa khomalo, kumbuyo kwake kothiridwa miyala. Khoma lotchinga lopanda mabowo limasanduka damu, ndipo limagwa ndi mphamvu yoposa ya chiphompho chimene limatchinga.

Pa simenti pali chinyengo chimene eni nyumba amadzichitira okha. Matope omangira njerwa amafuna ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zisanu ndi imodzi za mchenga, kapena kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mawilibala atatu. Thumba likakokedwa mpaka mawilibala asanu kapena asanu ndi limodzi, zotsatira zake ndi mchenga wopakidwa mtundu, umene umafumbutuka ndi chala. Ngati simenti ndi yochepa, ndi bwino ipite yonse ku maziko ndi mizere ya pansi mpaka pa windo, ndi ku bimu, lamba wa konkire wozungulira nyumba pamwamba pa mawindo, m'malo moimwaza pang'onopang'ono nyumba yonse. Bimuyo imamanga makoma anayi kukhala chinthu chimodzi, ndipo tisaiwale kuti tili m'mbali mwa chigwa cha zivomezi. A ku Karonga adaziona mu Disembala 2009. Pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lakuda la pulasitiki loletsa chinyezi kukwera. Pansi pa nyumba pakwere masentimita 30 kuposa bwalo, malata atuluke masentimita 60 kupitirira khoma, ndipo ntchito ya simenti ithiriridwe madzi masiku asanu ndi awiri. Kwa amene ali kale m'nyumba ya pa chitsitso, zizindikiro zothawira ndi izi: chitseko chimene chinkatseka bwino chayamba kukana, mng'alu waoneka m'nthaka kumtunda kwa nyumba, madzi ofiira akutumphuka pa phazi la chiphompho, kapena mtengo wayamba kuwerama. Zikaoneka, banja ligone kwina usiku womwewo. Katundu adzatengedwa kukacha.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachiwerengera: denga. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 10 ndi 8 ili ndi denga la masikweya mita 80. Mvula ya mamilimita 50, imene kuno imatha kugwa masana amodzi, imatsitsa malita 4,000 pa denga limenelo, migolo 20 ya malita 200. Pachaka ndi malita pafupifupi 96,000. Kale madzi amenewa ankagwera pa udzu ndi masamba n'kulowa pansi mwakachetechete. Lero amagwera pa malata, n'kutsikira pa bwalo losesedwa mbee, n'kuthamangira kwa neba wa kumunsi onse nthawi imodzi. Nyumba zana pa chitunda chimodzi zimatumiza malita 400,000 m'kakhwawa kamene kale mwana ankalumpha. Walira mvula walira matope, inde, koma matope ambiri a ku Mzuzu ndi ochokera pa madenga athu. Gatala wolandira madzi a padenga ndi thanki, ngakhale migolo iwiri yokha, ndi kapinga pabwalo m'malo mwa dothi losesa, zimachedwetsa madziwo, ndipo mayi wa pakhomo amapeza ochapira osapita kukafola pa kiyosiki.

Ku madambo vuto limasintha nkhope. Mzinda uno ulibe mapaipi akuluakulu otengera zonyansa za m'zimbudzi monga ali m'mbali zina za Blantyre. Opeza bwino ali ndi maseputiki tanki, ena onse ndi zimbudzi zokumba. Malangizo a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, masitepe pafupifupi 40 a munthu wamkulu, chikhale kumunsi kwa chitsimecho, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a m'nthaka. Pa puloti ya mamita 15 ndi 25, yozunguliridwa ndi mapuloti ena anayi aliyense ndi chimbudzi chake, zimenezi sizingatheke. Tinene mosabisa: madzi a chitsime chosaya cha m'dambo la m'tauni ndi ochapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Akakhala akumwa awiritsidwe, kapena athiridwe kolorini n'kudikira mphindi 30, ngakhale akuoneka oyera bwanji. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, idavuta kwambiri kwa anansi athu a ku Nkhata Bay, ndipo minibasi za kumeneko zimafika pa depoti yathu ola lililonse. Chimbudzi cha m'dambo chikhale chokwezeka: dzenje lozungulira, losaya, lomangidwa ndi njerwa kuyambira pansi, lotuluka pamwamba pa nthaka masentimita 60 mpaka mita imodzi, mbali yapamwambayo yomatidwa ndi simenti. Dzenje la ngodya zinayi lopanda njerwa limagumuka silabu ili pamwamba, nthawi zina munthu ali pomwepo. Ndipo galimoto yopopa zimbudzi imafuna njira ya mamita atatu kapena anayi. Kumene mipanda yadya njira mpaka kutsala kodutsa njinga ya kabaza, chimbudzi chikadzaza chimatsegulidwira m'ngalande usiku wa mvula.

Madzi a m'mipope nawo ali ndi nkhani yomweyi. Amachokera ku damu la Lunyangwa, m'munsi mwa nkhalango yotetezedwa ya Kaning'ina, ndipo amawasamalira a Northern Region Water Board. Damulo lidamangidwa mzinda uli ndi anthu osafika 100,000. Mtengo uliwonse wodulidwa ku Kaning'ina kuti ukhale makala umatumiza dothi m'damu. Dothilo limadya malo a madzi, kotero kuti damu looneka lodzaza mu Epulo limatsika msanga mu Okutobala. Madzi amatope amafunanso mankhwala ambiri, amatseka zosefera, ndipo makina amaima pafupipafupi kuti atsukidwe. Kuwonjezera apo, madzi a mzinda wa zitunda amakwera ndi mapampu, ndipo magetsi ake ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ulendo wa makilomita mazanamazana. Siteshoni ya Wovwe ku Karonga ndi yaing'ono, yosafika mamegawati asanu. Magetsi akazima, oyamba kuuma mipope ndi okhala pamwamba pa zitunda. Damu latsopano loti limangidwe pa mtsinje wa Lambilambi lakhala likukambidwa kwa zaka zambiri, ndipo tikulifuna, koma nalonso lidzadalira mitengo ya ku Viphya. Amene adadutsa ku Chikangawa zaka 30 zapitazo, nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000 ili yowirira mpaka mumsewu mumachita mdima masana, akadutsanso lero amadziwa chimene tikunena. Kugwira mayi wosenza thumba limodzi la makala sikudzapulumutsa Kaning'ina pamene mbaula ili m'khitchini iliyonse, ya bwana ndi ya mlonda yemwe. Wogula ndi ife. Gasi, mabuliketi a utuchi wa matabwa umene uli mbwee ku Zigwagwa ndi m'malo ochekera, ndi mbaula zosadya makala ambiri ndiye nkhani yofunika kuikapo ndalama.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amamanga m'malo oletsedwa khonsolo ikuona? Chifukwa chimodzi n'chakuti malo a mumzinda ali ndi makomo angapo. Ena ali m'manja mwa unduna wa za malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo, ndipo ena, makamaka kumene malire a mzinda adafutukukira n'kumeza midzi, amagawidwa ndi mafumu ndi mabanja monga malo a makolo. Munthu wopita ku ofesi amalembetsa n'kudikira zaka. Wopita kwa mwini munda amalipira lero, mawa n'kuyamba kuumba njerwa. Wogula puloti achite izi asanapereke ndalama: apite pamalopo mvula ikugwa, osati mu Seputembala, aone kumene madzi akudutsa, ayang'ane zomera, chifukwa bango, mlulu ndi dothi lakuda lonyeta ndi umboni wa dambo, afunse ku nthambi ya mapulani ya khonsolo ngati malowo ali ololedwa kumangapo nyumba, ndiponso ngati si njira ya msewu, ya mawaya a magetsi kapena ya mtsinje, afufuze ku ofesi ya za malo ngati palibe wina amene ali ndi lizi, kenako apereke pulani ya nyumba kuti ivomerezedwe, monga likunenera lamulo la mapulani a malo la 2016. Kalata ya mboni ziwiri ndi chidindo cha mfumu siiletsa khonsolo kugwetsa nyumba, ndipo siiletsa madzi. Koma khonsolo nayo idziwe kuti kuuza munthu kuti choka m'dambo popanda kumuonetsa puloti ina yokhala ndi msewu ndi mpope ndi kungomusamutsira ku dambo lina. Mankhwala ake ndi kudula mapuloti ang'onoang'ono otsika mtengo pa malo ouma anthu asanafikeko, msewu ndi ngalande n'kuyamba, nyumba n'kubwera pambuyo.

Pa misewu tinena mwachidule. Msewu wa tara suphedwa ndi matayala koma madzi oima m'mbali mwake, amene amalowa pansi n'kufewetsa maziko. Lole ya matabwa imangomalizitsa. Kalavati ya masentimita 60 imatsekeka ndi thumba limodzi la zinyalala ndi nthambi ziwiri. M'makwawa athu yocheperapo ikhale ya masentimita 90, yoti munthu n'kulowamo ndi fosholo. Ngalande zichotsedwe mchenga kawiri, mu Okutobala ndi mu Febuluwale, ndipo mchengawo unyamulidwe tsiku lomwelo, pakuti wounjikidwa m'mphepete umabwereramo ndi mvula yoyamba. M1 ndi M5, msewu wopita ku Nkhata Bay, ndi ya bungwe la Roads Authority, misewu ya m'makwalala ndi ya khonsolo, koma madzi sadziwa malire amenewa: ngalande yabwino ya msewu waukulu imene ikuthera pa khomo la munthu ndi ntchito yosatha.

Zonsezi zimafuna khonsolo ya mphamvu ndi anthu oiyang'anira. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka ulamuliro wa mzinda kwa makhansala osankhidwa, amene amasankha mfumu ya mzinda pakati pawo, pamene ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi mkulu wa khonsolo ndi akatswiri ake. Makhansala oyamba a pansi pa lamuloli adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zidagwera nthawi imene Mzuzu unkakula mothamanga, ndipo madambo ambiri adadzaza popanda woimirira m'khonsolo kufunsa. Ndalama za khonsolo zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za m'misika, malaisensi a malonda, ndi gawo lochokera ku boma. Msonkho wa nyumba umawerengedwa kuchokera m'kaundula wa mitengo ya nyumba amene amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundulayo akachedwa, nyumba zatsopano sizilipira, zakale zimalipira pa mtengo wakale, ndipo katundu yense amagwera mayi wogulitsa tomato amene amadula chiphaso tsiku ndi tsiku. Mayiyo ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yake yapita.

Anthu a mzinda uno si amantha pa zofuna ufulu wawo. Pa 20 Julayi 2011 Mzuzu udataya anthu ambiri kuposa mzinda wina uliwonse, ndipo manda awo ali ku Zolozolo. Chimene tikupempha n'chakuti mtima womwewo uonekenso pa zinthu zosachititsa phokoso. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yololedwa kuti anthu akamvere. Wodi iliyonse ili ndi komiti ya chitukuko, ndipo dera lililonse lili ndi mabuloko lida, atsogoleri a m'madera a m'tauni. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kuti pempho la kalavati kapena ngalande liyenera kufika kwa khansala, lolembedwa ndi losainidwa, isanathe Disembala. Lofika mu Malichi madzi ali m'nyumba limadikira chaka china. Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo limalola nzika kulemba kalata yofunsa kuti ngalande ya pamsika idapatsidwa ndalama zingati, kontilakita ndani, ndipo amayenera kumaliza liti. Kalatayo ilembedwe m'makope awiri, imodzi idindidwe tsiku lolandirira n'kusungidwa ndi komiti.

Kwa inu a Mkonzi pempho lathu ndi limodzi. Mtolankhani wanu asadikire Epulo. Mutumizeni mu Okutobala, dzuwa lili phwee, ayende ndi tepi yoyezera kuchokera ku Masasa kutsika ndi khwawa mpaka ku Lunyangwa, awerenge makalavati otsekeka, ayeze mipata ya pakati pa ziphompho ndi makoma, afunse khansala wa wodi iliyonse tsiku limene ngalande zichotsedwe mchenga, ndipo masikuwo muwasindikize.

Ife,
Amisiri a zomangamanga ndi alangizi a zaumoyo,
Mzuzu